Chitsime chomwe ndinamana mng'ono wanga

Dimba la malemu mayi athu ku Mkanda tinagawana awiri. Ine pokhala wamkulu ndinatenga kumunsi, komwe kuli chitsime. Mng'ono wanga ndinamusiyira kumtunda, kwa miyala. Tonse tinadzala tsabola wa kambuzi, ndipo tonse tinkakagulitsa kwa amayi ena ophikira madalaivala a mathiraki paboda.

Wangayo, inu, anali tsabola wonenepa, masamba ake obiriwira bwino. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo mpaka msana kuuma. Wa mng'ono wanga tinali tinthu tokwinyika, tochititsa manyazi. Koma amayi aja akaluma kamodzi ka iye ankatsokomola, misozi chuchuchu, n'kunena kuti, "Eya, madalaivala akufuna ameneyu." Wanga ankangomutembenuzatembenuza. Tsiku lina anachita kundiuza pamaso: "Mayi, wanuyu ndi tomato."

Tomato! Zinandiwawa, ndipo ndisabise, nsanje inandigwira. Kamwana koti ndinakabereka kumsana kandilande kasitomala? Nditafika kumudzi ndinamuuza kuti madzi achepa m'chitsime, asatungemonso. Linali bodza. Iye anangoti, "Chabwino, achemwali," n'kuyamba kukatunga kumtsinje, kutali, kamodzi pa masiku atatu.

Ndinadikira kuti tsabola wakeyo aume. Masana ankafota ndithu, ine mtima mbee. Koma sanafe. Kuwawa ndiye kunachita kunyanya, moti amayi aja anamuuza kuti azibweretsa yense, wanga ayi.

Alangizi a zaulimi atabwera kudzaona madimba, ndinawakokera pambali n'kuwafunsa ngati mwanayu alibe kamankhwala. Anaseka mpaka kugwira bondo.

"Mankhwalawo akupanga ndi tsabolayo, mayi. Mbewu siithawa. Ikamva ludzu kapena dzuwa likaiotcha, imadzipangira zodzitetezera m'thupi mwake. Masamba ena amafiirira, ena amawawa, ndipo tsabola amaonjeza ukali. Wanuyu mwamulera ngati mwana wa bwana, ndiye alimbane ndi ndani?"

Ndiye kuti ukali wonse uja ndinamuthirira ndine, ndi nsanje yangayi.

M'mawa mwake ndinakwera kumtunda kuja ndi nkhope ya chifundo. Ndinati madzi abwerera, azitunga mmene angafunire, ngakhale kawiri pa tsiku. Mumtima ndinkafuna wakenso asanduke tomato.

Anandiyang'ana, n'kupitiriza kuthyola tsabola wake.

"Zikomo, achemwali, koma madziwo sungani. Alangizi aja anayambira kuno."