Tambala wa Eunice

Rodwell Sichali anabwerera kwawo ku Wenya mu 1989, chaka chimene aphunzitsi ochokera kumpoto anauzidwa kuti achoke m'sukulu za chigawo chapakati ndi kummwera. Ku Dedza anabwerako ndi sutikesi imodzi komanso chizolowezi chocheuka kaye asanalankhule. Anali munthu woonda, wa mawu apansipansi. Anamupatsa Sitandade 3.

M'kalasimo munali Eunice, mtsikana wamtali kuposa onse, poti chinali chaka chake chachitatu pabenchi yomweyo. Aphunzitsi ena ankati vuto ndi Chichewa, chifukwa kwawo sankachilankhula. Koma Rodwell anaona kuti mwanayo pakamwa anali bwinobwino. Zilembo ndizo zinkamuzunguza: akati alembe b, pankatuluka d. Akamuimiritsa kuti awerenge, thukuta linkachita kamukamu pamphuno, anzake n'kumaseka.

Tsiku lina anamupeza kuseri kwa kalasi akujambula ng'ombe pakhoma ndi khala. Eunice anadziphimba kumutu, kudikira ndodo.

"Ng'ombe imeneyi ndi ya ndani?" anafunsa Rodwell.

"Ya a Kayange, asambizgi. Yotsimphina ija," anayankha Eunice, akunena "aphunzitsi" m'chilankhulo cha kwawo.

Inalidi yomweyo, mpaka mwendo wake wopindika. Kuyambira pamenepo Rodwell ankamupatsa choko kuti azijambula pabolodi nkhani ya tsikulo, kenako aifotokoze pakamwa. Zilembo ankaumba naye ndi dongo. Kuwerenga kunkabwera pang'onopang'ono, koma kuseka kuja kunatha.

Chikondwerero cha 6 Julaye chitayandikira, ahedi anabweretsa nsalu yoyera ndi penti. Panafunika tambala wa chipani, ndipo pansi pake mawu akuti "tambala wakuda".

"Iwe ujambule tambala yekha," Rodwell anamuuza Eunice. "Mawuwo ndilemba ndekha mawa."

Mmawa wa tsikulo, Rodwell anatambasula nsalu ija patebulo. Tambala anali wokongola, khosi lili njo ngati alira pomwepo. Koma Eunice, pofuna kumukondweretsa, anali atalembanso mawu aja, ndipo b anali atatembenuka. Panalembedwa kuti "tamdala wakuda". Mdala! Aliyense akanati akunyoza Pulezidenti, yemwe anali wokalamba. Zaka zimenezo mawu ochepa kuposa amenewa ankakweza munthu Landirova osabwerako. Ndani akanakhulupirira kuti ndi dzanja la mwana? Akanati ndi mphunzitsi wowawidwa mtima ndi kusamutsidwa.

Panja ng'oma zinali zitayamba. Penti yoyera panalibe, inangotsala yakuda ndi yobiriwira.

"Ndalakwitsa, asambizgi?" Eunice anafunsa.

Rodwell sanamukalipire. Akanamukalipira, ankadziwa kuti mwanayo sadzagwiranso choko.

"Tambala wako waima m'malere," anatero. "Kodi sungamuikire popondapo, pamene pali mawupa?"

Eunice anayang'ana kwa kanthawi, n'kutola burashi. Zilembo zazitali anazisandutsa mapesi a mawere, zozungulira zinakhala ngala, zotsala anazikwirira ndi masamba. Rodwell anaima pakhomo, akuyang'ana njira.

Atcheyamani a chipani a deralo anafika penti isanaume. Anaima patsogolo pa nsaluyo, manja kumbuyo.

"Mawu aja ali kuti, aphunzitsi?"

"Malo anachepa, atcheyamani."

"Wajambula ndani?"

Rodwell anafuna kunena kuti ndi iyeyo, kuti ngati pali mlandu ugwere iye. Koma Eunice anali ataima pambali pake, zala zili bii ndi penti.

"Ndi mwana uyu."

"Ameneyu ndi tambaladi," anatero atcheyamani. "Tikatha pano ndipita nayo ku Boma."

Kwa miyezi ingapo Rodwell sankamva kukoma chakudya. Ankaganiza kuti wina akaimika nsaluyo padzuwa, zilembo zija zidzaonekera pansi pa masamba. Galimoto ikangolira kumsewu, choko chinkamugwa m'manja. Palibe anabwera.

Eunice anafika Sitandade 6, kenako anapita kwa azakhali ake ku Lufita, kumene anayamba kujambula maluwa pansalu zapatebulo zoti amayi azipeta. Rodwell anaphunzitsa ku Wenya mpaka kupuma ntchito. Za nsalu ija anadzauza mkazi wake patapita zaka zisanu, chipani chitachoka m'boma, ndipo ngakhale pamenepo anayamba watseka chitseko.