Nyemba za Amayi pa Chilumba cha Nkhanga

Tinachoka ku Matema m'mamawa dzuwa la Tete lisanayambe kuluma, ine ndi mdzukulu wanga Rozita, amene akundilembera izi. Mwamuna wake Zuze ndi mlonda wa chilumba china pa nyanja ya Kabora Basa, ndipo anali atandiuza kuti pachilumbapo sipakhala munthu ngakhale mmodzi. Mawu amenewo anandikhala m'mutu. Malo opanda munthu ndiye kuti alibe mwini, ndinatero mumtima.

Paja kadimba kanga ka ku Chimadzi anthu anamangapo nyumba. Ndinatsala ndi nyemba zodzaza dzanja limodzi, mbewu ya malemu amayi anga ya ku Tsangano, imene inathawa nafe nkhondo kupita ku Malawi n'kubwerako. Chaka china chosadzala, anankafumbwe akanaimaliza. Ndinaimanga pansonga ya chitenje osauza munthu.

Minibasi ya ku Songo, imene timati chapa, inali metikali trezentu, ndiye kuti mazana atatu, aliyense. Ndinafungatira nkhuku ya eni mpaka ku Chitima, kumene tinagula masawu ndi nsomba youma ya chikowa. Kuchoka apo msewu unayamba kukwera phiri mokhotakhota, makutu n'kutseka, ndipo kamphepo kozizira kanandikumbutsa kwathu.

Masana Zuze anatilandira kugombe akuseka kuti mkazi wake wamkulu wafika, monga amandisereulira masiku onse. Anandiveka chovala chofufuma chimene amati kolete, ine n'kukhala ngati chule. Zambezi ndimamuwoloka pamlatho, m'boti ndinali ndisanakwerepo. Tinadutsa mitengo youma yoimirira m'madzi, ndipo nditafunsa, Zuze anati chilumbacho chinali nsonga ya phiri asanatseke mtsinje ndi damu, njira za anthu akale zili pansi pathu. Ndinasuzumira kuti ndizione. Atatchula ng'ona ndinabweza mutu.

Titakocheza ndinati odi, mwa chizolowezi. Kunangolira mbalame. Panalibe phulusa, panalibe chitsa cha nkhwangwa, koma milambe, ng'azi yogona pamwala, ndi mapazi a mvuu aakulu ngati mbale. Ndinatapa dothi n'kununkhiza. Lakuda, lonona, losadziwa khasu.

Awiriwo atapita kukafunafuna misampha ya waya imene asodzi amatchera mobisa, ine ndinanamizira maondo. Ndinathyola kamtengo n'kuyamba: kuboola, nyemba zitatu, kufotsera ndi chidendene. Ndili pa phando lachisanu ndi chitatu ndinacheuka. Nkhanga! Zinali kunditsatira pamzere, kufukula ndi kumeza, osandiopa m'pang'ono pomwe, ngati ndine wantchito wawo. Zuze anandipeza ndikuzikalipira.

"Agogo, pano sitidzala kanthu, sitichotsanso kanthu. Akuluakulu akamva, ntchito yandithera."

Sanati mkazi wanga. Ndinadziwa kuti zavuta. Ndinamasula mfundo ija n'kumuonetsa tochepa totsala, ndi kumuuza kumene nyembazo zachokera. Kenaka anagwada n'kuyamba kufukula ndi zala mapando amene nkhanga zinali zisanafike, Rozita akuzipirikitsa ndi kolete. Anapeza nyemba zisanu, nazipukuta pamalaya.

"Mkazi wanga, mukanandifunsa. Kuseri kwa nyumba yathu ku Songo kwangomera chisoso, ndipo kumazizira ngati ku Tsangano kwanuko."

Pobwerera sindinaope madzi. Ndinangogwira mfundo yanga, kumayang'ana chilumba chikucheperachepera. Eni ake analipo, ndipo odi wanga anayankha, kungoti ine ndinkadikira mawu a munthu.

Mvula itagwa tinadzala nyembazo ku Songo. Rozita akuti zayanga kale pa chimanga, koma Zuze akupalira ngati munthu wokulira m'boti. Loweruka ndikwera chapa ndi khasu langa.