Kaulusi Kosowa ka Warrick Dunstan

Warrick Dunstan anakulira ku Port Adelaide akusoka matanga a maboti. Ntchitoyo itazilala, kampani ina yopanga masetilaiti inamulemba kuti azisoka zofunda zonyezimira zotchinjiriza makina ku kutentha ndi kuzizira kwa kumwamba. Ankasokera m'chipinda chodana ndi fumbi, atavala zoyera, ndevu zili m'kathumba. Lamulo linali lakuti kaulusi kalikonse kodulidwa kalowe m'botolo. Ulusiwo unali wa waya, ndipo kumwambako chinthu sichigwa pansi, chimangoyandama mpaka chitagunda pamene pali magetsi.

Chaka chimene dzanja lake linayamba kunjenjemera, ankafunditsa chipangizo choyeza mphepo yochokera kudzuwa, ija imati ikakalipa imazimitsa magetsi m'mizinda. Akumaliza kusoka pakamwa pa chipangizocho, dzanja linagwedezeka. Sizasi inadula, koma kaulusi sanakaone. Anafufuza patebulo, pansi, m'makwinya a malaya. Anati mwina kalowa m'botolo muja, ndipo sanauze aliyense.

Setilaiti inapita. Warrick anasiya kudya bwino, ndipo akakhala pabasi ankangopenda manja a malaya ake.

Tsiku loyatsa chipangizocho, onse amene anachigwirapo anasonkhana monga mwa mwambo wawo, ndi mbale ya makeke a kokonati. Thuy Pham, injiniya amene anathera unyamata wake pa chipangizocho, ankakweza magetsi pang'onopang'ono.

"Madala, mwatuwa bwanji? Idyani keke, mungatigwere pano," anatero Thuy, maso ali pakompyuta.

"Ndadya kale."

"Bodza. Ndevu zikanakuululani."

Anthu anaseka. Pakompyutapo mzere wobiriwira unakwera, unaima, kenako unayamba kuvina. Chipangizo chinali kumva mphepo ya dzuwa. Ena anakumbatirana. Warrick anasendera kwa Thuy, mawu ali pansi.

"Mwanawe, mutakhala kaulusi m'katimo, bwenzi kataonekera lero?"

Thuy anasiya kutafuna.

"Osati lero lokha. Kakhoza kuyandama chaka chathunthu, kenako n'kugunda. Bwanji?"

Warrick anamuuza zonse. Thuy sanakalipe. Anayang'ana dzanja lija, lomwe linali kunjenjemera poyera tsopano, natembenuka n'kutsitsako magetsi.

"Tiziyendetsa chonchi. Tiziona zochepa, koma mwina chikhalitsa."

Warrick sanagwirenso singano. Amabwerabe m'mawa uliwonse, n'kukhala pampando wakumbuyo, kuyang'anira mzere wobiriwira uja. Ukangodumpha pang'ono, amaimirira.