Beseni la madzi mu vaneti ya atate

Ndikukumbukira vaneti ya atate, galimoto yakale ya bodi kumbuyo, imene ana a ku Madzimoyo anaipatsa dzina loti Chule. Dzinalo silinali lachipongwe chabe ayi. Ikagunda bampu imodzi, kutsogolo kwake kunkadumpha katatu kapena kanayi, mutu mpaka kugunda denga. Chiwongolero chinkanjenjemera m'manja mwa atate, ndipo pakona galimotoyo inkapendekera kumbali ngati ikufuna kukagona m'tchire. Amayi anali atasiya kalekale kunyamula mazira popita ku Chipata.

Ine ndinali ndi zaka khumi, mtsikana wa mafunso osatha. Chinkandizunguza mutu n'chakuti bampu ndi imodzi, nanga kudumpha kwinako kumachokera kuti? Atate anali mphunzitsi, ndipo mphunzitsi savomera kuti sakudziwa. Ankangoti, "Ndi ukalamba, Tiya." Ndikawakumbutsa kuti agogo sadumpha, ankandituma kukatunga madzi.

Tinkaseka za Chule mpaka chaka chimene mlongo wanga Yona anabadwa. Amayi anachira kudzera mu opaleshoni kuchipatala cha m'tauni, ndipo anamwino anauza atate mosabisa mawu kuti akawakweza galimoto yogwedeza, chilonda chikhoza kutseguka. Panatsala masiku atatu kuti atuluke, ndipo msewu wathu wafumbi unali wamizeremizere ngati malata. Kuseka kunathera pomwepo.

Atate anayamba ndi nzeru zawo. Anadula tayala lakale n'kulowetsa zidutswa zake pakati pa masipuling'i, zitsulo zopiringizika zija za kuseri kwa matayala akutsogolo. Pofuna kuona ngati zathandiza, anandikhazika kutsogolo ndi beseni lodzaza madzi pamiyendo. "Madziwa ndiwo amako," anatero. "Asatayike." Mayo ine! Tisanadutse n'komwe mtengo wa mango wa pasukulu, diresi langa linali litanyowa lonse, madzi ena ali m'mphuno. Chule anali atauma gwa, akugunda kuposa ngolo. Ndinayamba kuseka, koma nditayang'ana nkhope ya atate ndinaleka. Aka kanali koyamba kuwaona ali ndi mantha, ndipo nanenso mantha anandigwira.

M'mawa mwake tinapita ku Kapata kwa a Sakala, makaniko amene ankagwira ntchito pansi pa mtengo, pamalo ponunkha oyilo ndi mphira. Ataona zidutswa za tayala zija anaseka mpaka kutsokomola. "Aphunzitsi, choko ndi sipanala n'zosiyana," anatero akuzisolola. Kenako anatsamira boneti ndi manja onse awiri, n'kuikankhira pansi mwamphamvu, n'kusiya. "Werenga, mwana wa aphunzitsi." Ndinawerenga: kamodzi, kawiri, katatu, kanayi.

Pamenepo ndinaponya funso langa lija. A Sakala sananditume madzi. Anayala thumba pansi pa galimoto, tonse awiri n'kugona chagada, ndipo anandilozera chitsulo chonga pampu ya njinga, chonyowa ndi mafuta akuda. Anati dzina lake ndi shoko. Sipuling'i ndi imene imanyamula galimoto, koma ikapanikizidwa imabwerera, ndipo sidziwa kuleka. Ntchito ya shoko ndi kuigwira kuti ikhazikike. Mashoko a Chule anali atafa kalekale. Atamasula imodzi anandipatsa kuti ndiikoke, ndipo inangosololoka popanda vuto. Yatsopano ndinalimbana nayo mpaka thukuta. Ha, ndiye chinsinsi chonse chinali chimenechi! Ndinakondwa mpaka kuiwala kwa kanthawi chimene tinabwerera.

A Sakala anaika mashoko atsopano, anasinthanso mabushi, timphira tokhala pamene zitsulo zimalumikizana, tomwe tinali titadyeka tonse, n'kuwongola matayala akutsogolo poyeza ndi chingwe. Dzuwa litapendeka anakankhanso boneti. Inatsika, n'kukwera kamodzi, basi n'kuima. Pobwerera beseni linali pamiyendo panga. Madzi ankavina, nthawi zina n'kunyambita m'mphepete, koma ndinafika kunyumba ndi kadontho kamodzi pabondo. Atate sanakhutire, moti tinabwereza msewu wa malata uja kawiri.

Tsiku lotuluka litafika, amayi anakhala cha kuwindo atagwira pilo pamimba. Ine ndinakhala pakati, ndipo m'malo mwa beseni, pamiyendo panga panali Yona, wofunda komanso wonunkhira sopo. Titasiya phula n'kulowa msewu wafumbi, maso anga anali pankhope ya amayi, kudikira kuti akwinye. Ndinaona maso awo akutsekeka, mutu n'kugwera pawindo. Atate anaponda mabuleki.

"Amake Tiya! Amake Tiya!"

Ndinatchera khutu. Kenako ndinamva kamkonono.

"Atate, agona."

Palibe munthu amene anali atagonapo mu Chule, ngakhale woledzera. Atate anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kupitiriza ulendo pang'onopang'ono, njinga zikutipitirira.

Lero Chule ali kuseri kwa nyumba wopanda matayala, nkhuku zikuikiramo mazira amene kale ankawaswa. Ana anga amagona m'galimoto tisanatuluke n'komwe m'tauni, ndipo saonapo chodabwitsa. Makaniko amasiku ano amalumikiza kompyuta, koma ine ndimakankhabe boneti n'kuwerenga, iwo akundiyang'ana modabwa. Amayi mpaka pano amati ulendo umenewo saukumbukira ngakhale pang'ono. Atate akamva zimenezo amangomwetulira, poti n'zimene ankafuna.