Mpikisano Wochukucha Mkamwa

Botolo la madzi ochukuchira mkamwa linali la jamu, la chivundikiro chofiira, ndipo linkakhala pazenera la kachipinda kathu kuseri kwa nyumba ya abwana ku Faerie Glen. Madzi a mkatimo anali achikasu ngati tiyi wosakolera, onunkhira udzu wouma. Ndinali mu Giredi 3 m'nyengo yozizira imeneyo, ndipo amayi, omwe ankagwira ntchito ya m'nyumba, anali atawapeza ndi khansa ya pakhosi.

M'mawa ankakwera takisi kupita kuchipatala chachikulu m'tauni, kumene makina ankawotcha chotupacho ndi cheza. Poyamba ankabwerako n'kupitiriza kusita zovala. Kenako mkamwa munabuka zilonda. Lilime linafiira psuu, malovu analimba ngati ulimbo, ndipo ngakhale phala ankalimeza atatsinzina. Madiresi anayamba kuwakulira. Adokotala anachenjeza kuti akapitiriza kuwonda, chithandizocho chiyamba chaima kaye.

Amalume, mlongo wawo wamkulu wa amayi, ankasamalira maluwa panyumba ina ku Irene. Lamlungu lina anabwera ndi makungwa owawa omwe mnzawo anabwera nawo kuchokera kumudzi, komanso kathumba ka timaluwa touma ta kamomaili tomwe anadzala okha. Amayi anayankhula motsitsa, milomo ikungosuntha pang'ono: “Achimwene, tikafunse kaye anesi.”

Anesiwo anakana makungwa aja. Anakananso mankhwala ochukuchira mkamwa a m'sitolo, ati muli mowa wowotcha zilonda. Timaluwato anatilola, bola tiviikidwe m'madzi owira, tisefedwe bwino, madziwo azizire, ndipo tsiku lililonse azikhala atsopano. Amayi ankabwereza mawu awo: izi n'zoziziritsa zilonda, si zochiza khansa. Ine mbali yomalizayo sindinkaimva.

Vuto linali lakuti madzi alionse akangokhudza zilondazo, amayi ankanjenjemera. Ankachukucha kamodzi n'kulavula. Tsiku lina ndinadzaza masaya anga ndi madzi omwewo, n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi nditatseka pakamwa. Amayi anaseka ndi mphuno. Mpikisano wathu unayambira pomwepo: tonse tichukuche, wina azing'ung'udza, mnzake atchule nyimboyo pamapeto, ndipo woyamba kulavula waluza. Tinkaimirira pasinki yakunja, udzu utayera ndi chisanu, simenti ikuluma kumapazi. Tikamaliza, amayi ankatha kumwa phala la mkaka, mwina ndi nthochi yofinya.

Kusukulu ndinaimika dzanja n'kuuza aphunzitsi kuti ndikuchiritsa amayi anga ndi maluwa. Anzanga anaseka. Aphunzitsiwo sanaseke, anangondigwira paphewa n'kunena kuti, “Usalekeze, dokotala wamng'ono.” Lero ndimawathokoza kuti sanandikonze.

Panali m'mawa wina, chakumapeto kwa chithandizo, umene amayi anakana kudzuka. Khosi linali litada ngati lopsa ndi moto. Anatembenukira kukhoma n'kunong'oneza amalume, amene anabwera kudzawaperekeza, kuti basi, atopa, sapitanso. Amalume anangoti “eish,” n'kukhala pansi chipewa chili m'manja. Ine ndinaima pambali pa bedi ndi makapu awiri.

“Amayi, mukuopa kuluza eti?”

Ndikaganiza tsopano, mawu amenewo anali ankhanza kwa munthu womva ululu chonchija. Koma sindinong'oneza bondo. Amayi anandiyang'ana, kenako anatsitsa miyendo pansi. Tsiku limenelo anandiposa, ndipo takisi anaipeza.

Chithandizo chinatha. Zilonda zinachedwa kupola, koma zinapola, ndipo adokotala anati chotupa sichikuonekanso. Mitengo ya jakaranda itachita maluwa m'misewu yonse, amalume anabwera akudya chimanga chowotcha chomwe anagula pamalo okwerera takisi. Amayi anatambasula dzanja, anawalanda, n'kuluma. Chinali cholimba, chamchere. Anatafuna pang'onopang'ono, analumanso, mpaka chinatsala chitsononkho chokha.

Amalume anatuluka panja. Ndinawapeza kuseri kwa galaja atagwira khoma, mapewa akugwedezeka. Ndinadabwa kwambiri kuti munthu wamkulu chonchija angalirire chimanga. Ndinawakoka jekete n'kuwauza kuti asadandaule, amayi adzawagulira china.