Botolo la Anganga

Fungo la dizilo likasakanikirana ndi kamvula ka chiperoni, ndimakumbukira chaka chomwe ndinali mu Sitandade 8. Phiri linkabisala m'nkhungu sabata yathunthu, ndipo magalimoto onyamula mafuta ankadutsa pa Chinakanaka atayatsa nyali masana. Anganga, amene anandilera makolo anga atamwalira, ankagulitsa nthochi pamsika atafunda zitenje ziwiri. Ine ndikaweruka ndinkakhala pambali pawo, manja m'khwapa, n'kumaonerera anthu.

Maphunziro a pulayimale anali atakhala aulere, koma a sekondale ayi. Kunyumba sitinkaikamba nkhaniyi. Ndinkangodziwa kuti ndikalemba mayeso ndidzapatsidwa dengu n'kukathyola tiyi ku esiteti, monga anachitira atsikana a nyumba yoyandikana nafe. Ndinkawaona akubwera madzulo, zala zitachita zikang'a, ndipo ndinkalumbira chamumtima kuti dengulo sindidzalibereka.

M'nyengo yomweyo kampani ina ya mafuta, yomwe inali itatsegula malo omwetsera magalimoto pamsewu wa ku Muloza, inayamba kuthandiza sukulu yathu. Poyamba inabweretsa madesiki onunkha vanishi. Kenako ahedi analowa m'kalasi n'kunena kuti kampaniyo idzalipirira sekondale ana amasiye amene akhoze mayeso. Anati amasiye onse aimirire. Anzanga angapo anaimirira. Ine ndinakhalabe pansi.

Kwathu mawu oti wamasiye anali oletsedwa. Mayi wina atanditchula choncho pachitsime, Anganga anatula ndowa pansi n'kumuyankha pamaso pa anthu kuti, "M'nyumba mwanga mulibe wamasiye." Sanalankhulanenso naye mpaka chimanga chinacha.

Mphunzitsi wathu, Mayi Makwinja, ankandidziwa. Titaweruka anandigwira paphewa. "Esinati, Lachisanu ubwere ndi agogo ako. Ukapanda kutero mwayi ukudutsa."

Ndinaganiza njira yonse yopita kunyumba. Nditafika ndinangoti anthu a mafuta akuitana makolo kusukulu, ali ndi thandizo. Anganga anakumbukira chaka cha njala pamene ankagawa mafuta ophikira. Anatsuka botolo, kuliyanika pathandala, ndipo Lachisanu analikulunga m'chitenje. Ndinaliona botololo, koma sindinanene kanthu. Chimene ndinkafuna n'choti afike.

Mu ofesi ya ahedi munali mayi wa kukampani, wovala juzi yofiira, wolankhula Chichewa cha m'tauni. Anatipatsa moni mwaulemu n'kufotokoza zonse. Ndinaona dzanja la Anganga likukankhira botolo lija kumbuyo kwa miyendo yawo. Kenako mayiyo anafunsa: "Ndiye agogo, mwanayu ndi wamasiye?"

Kunja kamvula kankagwa pamalata. Anganga anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ine, amene ndinkazolika pamaso pa munthu aliyense, tsiku limenelo sindinazolike.

"Wamasiye ndi wosiyidwa," anatero. "Uyu wamusiya ndani? Ine ndili pano."

Mayiyo anayang'ana ahedi. Ndinamva mwayi uja ukutuluka pakhomo. Pamenepo ndinalankhula. "Anganga, ine ndikufuna sukulu."

Anganga anakonza mpango wawo kumutu, ngakhale unali bwinobwino. Atayambanso kulankhula, mawu awo anali otsika, akuyang'ana khoma. "Bambo ake anatsogola. Mayi ake, mwana wanga, ndinamusambitsa ndekha n'kumuika. Ndanena. Mawu anuwo munene nokha."

"Ndamva, agogo," anatero mayi uja. "Zakwana."

Tinanyamuka kubwerera kunyumba. Ankayenda patsogolo, mapazi akutitimira m'matope ofiira, ine pambuyo ndikudikira chilango. Titafika pamalo omwetsera magalimoto paja anakhota, kumasula chitenje, n'kupereka botolo lija kwa bambo wogulitsa kuti athiremo parafini. Anandipatsira osandiyang'ana.

"Si umati kuli mafuta? Ndi awa. Uziwerenga. Ukalephera mayeso, ine ndalankhula pachabe."

Parafini ameneyo ndinamusunga ngati mankhwala. Koloboyi wathu ankafuka utsi wakuda, mphuno zanga zinkadzuka ndi mwaye, koma masamu onse a m'buku ndinawabwereza mpaka chiperoni chinatha. Mayeso ndinakhoza, ndipo kampani ija inasunga lonjezo lake mpaka Folomu 4.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti Anganga ankakana mawu aja chifukwa cha kunyada, ndipo ndinkadziona ngati ndawagonjetsa. Ndinadzazindikira ndili ndi mwana wangawanga kuti zaka zonse zija sanatchulepo imfa ya mayi anga ndi pakamwa pawo, ngakhale kwa ine. Anaitchula kamodzi kokha, kwa mlendo wa juzi yofiira, kuti ine ndisabereke dengu.