Dzina limene ndinapala ndi lezala

Ndikulemba izi chifukwa wailesi ina kuno ku Chipata, potchula oimba a m'chimbale cha amalume anga cha nyimbo za fanki, inasiya dzina limodzi, ndipo wolakwa ndine.

Ndikukumbukirabe fungo la matiresi akale amene anakhomedwa m'zipupa za situdiyo. A Tembo, oimba gitala ya besi, anafuna mwana woomba m'manja mopinda zikhatho, monga amachitira amayi popereka ulemu. Mkulu wanga Misozi ataomba, onse anagwedeza mitu movomereza. Ine nditaomba, kunamveka ngati mbama.

"Iwe mwana, ukupha udzudzu kodi?" anatero a Tembo. "Pita panja ukatiyang'anire njinga."

Chimbale chitatuluka, dzina la Misozi linali pa chikuto chake, pansi pa la woimba ng'oma. Ndinalipala ndi lezala, poganiza kuti dzinalo likachoka, manja akenso aleka kumveka. Anamvekabe m'nyimbo iliyonse.

Chikuto chimenecho ndicho chokha chinatsala, ndipo ndicho amalume anapereka ku wailesi. Woomba m'manja uja ndi Misozi, ngakhale mtima umandiwawabe polemba zimenezi. Amene mukukumbukira mosiyana mundikonze, makamaka pa nkhani ya udzudzuyo.